Mafunso ndi mayankho: kuopa kwambiri kuti uli ndi matenda oopsa pomwe achipatala sakupeza kanthu

Awa ndi mafunso amene amabwerabwera pa nkhani ya anthu amene amangokhalira mantha kuti ali ndi khansa, matenda a mtima, HIV, sitiroko ndi ena otero, pomwe akayezedwa sapezeka ndi kanthu. Tayamba ndi osavuta kenako tilowa mkatikati, ndiye ngati funso lanu layankhidwa kale pena tizingokulozerani pamenepo.

1. Kodi vuto limeneli ndi chani kwenikweni?

Ndi pamene munthu akuopa kwambiri kuti ali ndi matenda oopsa kapena kuti awatenga posachedwa, ndipo manthawo sakutha olo adokotala amuyeze n'kumuuza kuti zonse zili bwino. Mutu ukangopweteka pang'ono iye waganiza kale za chotupa mu ubongo, mtima ukagunda mofulumira poti wakwera chitunda basi ndi matenda a mtima, kachilonda m'kamwa ndiye kuti chitetezo chatsika. Akauzidwa kuchipatala kuti palibe chovuta amapepukidwa tsiku limodzi kapena awiri, kenako kamaganizo kaja kabwereranso, "nanga ngati sanaone bwino?"

Kale madokotala ankangoti hypochondria. Mu 2013 bungwe la American Psychiatric Association potulutsa DSM-5, buku lake lofotokoza matenda a maganizo, linagawa vutoli pawiri. Pali illness anxiety disorder, pamene m'thupi mulibe zizindikiro kapena zili zochepa koma mantha ndi aakulu, ndiye pali somatic symptom disorder, pamene munthu akumvadi ululu kapena zovuta zina koma nkhawa yake pa zimenezo yapyola muyeso. A WHO mu ICD-11, mndandanda wawo wa matenda onse womwe unayamba kugwira ntchito mu 2022, anasungabe dzina la hypochondriasis n'kuliika gulu limodzi ndi OCD, vuto la maganizo obwerezabwereza okakamiza munthu kuchita chinthu chomwecho kambirimbiri. Ambiri masiku ano amangoti health anxiety.

2. Aliyense amaopa kudwala. Ndidziwa bwanji kuti zanga zapyola?

Kuda nkhawa ukaona chachilendo m'thupi ndi bwino ndithu, ndi komwe kumatipititsa kuchipatala. Kusiyana kwake n'koti munthu wamba akayezedwa n'kuuzidwa kuti ali bwino amaiwala n'kupitiriza za moyo wake. Mwa DSM-5 amaona ngati manthawo atenga miyezi 6 kapena kuposa, olo matenda amene mukuwaopawo azisinthasintha, mwezi uno khansa ya pakhosi mwezi wamawa impso.

Dzifunseni izi: kodi mumadzifufuza thupi kangapo pa tsiku, kudzisinika mabere kapena khosi, kuyang'ana lilime pa kalilole, kuwerenga kugunda kwa mtima, kusuzumira mkodzo ndi chimbudzi? Buku lanu la kuchipatala ladzadza ndi zoyeza zomwe zonse zinatuluka bwino, mwina muli ndi mabuku awiri kapena atatu kuti adokotala asaone kuti munabwera kale? Ntchito, sukulu, bizinesi kapena banja zikusokonekera chifukwa cha maganizowa? Ngati ambiri mwayankha kuti eya, ndiye kuti nkhaniyi ikukukhudzani.

Palinso ena amene amachita zosiyana ndi izi, kuchipatala safikako n'komwe poopa kuti akauzidwa zoipa, pa wailesi akayamba za khansa amathimitsa, kukaona wodwala sapita. Ndi vuto lomwelo koma lotulukira kwina.

3. Ndiye kuti ndikungodzipangitsa? Poti ine ululuwo ndimaumvadi.

Ayi simukudzipangitsa, ndipo amene akukuuzani kuti "ndi zam'mutu chabe" sakuthandizani. Zimene mukumvazo ndi zenizeni, chomwe chalakwika ndi tanthauzo limene mukuzipatsa.

Munthu akachita mantha thupi limatulutsa adrenaline. Mtima umathamanga, minofu ya pachifuwa, m'khosi ndi m'mapewa imalimba mpaka kupweteka, m'kamwa mumauma, m'mimba mumabwadamuka kapena kutsegula kumene, thukuta m'manja. Kupuma kumakhala kofulumira osazindikira, ndipo kupuma koteroko kumatsitsa carbon dioxide m'magazi, n'chifukwa chake mumamva chizungulire ndi dzanzi m'zala ndi m'milomo, zomwe munthu wamantha amazitenga ngati sitiroko yayamba. Ena amamva ngati pakhosi pakhala chinthu chosamezeka. Zonsezi nkhawa payokha imatha kuzibweretsa, ndiye mukaziona mantha amawonjezeka, mantha akawonjezeka zizindikironso zimakula.

Chinanso n'choti thupi la munthu wabwinobwino silikhala chete, mnofu umagwedera, m'mimba mumalira, kamtsempha kamalasa pena n'kusiya. Anthu ambiri sazilabadira poti maganizo ali ku ntchito. Koma mukamatchera khutu ku thupi lanu tsiku lonse mumva zambirimbiri. Komanso kudzifufuzako kumabweretsa zizindikiro zake, mwanabere mukamamusinika kakhumi pa tsiku apweteka basi n'kutupa, ndiye inu muziti mwaona, ndimanena ine.

4. Chimayambitsa ndi chani?

Sichikhala chimodzi. Ena anabadwa ndi mtima wosachedwa kuda nkhawa ndipo zimayenda m'banja. Ena anadwala kwambiri ali ana, kapena anakulira pakhomo pomwe kachifuwa kalikonse kankatengedwa ngati imfa yafika. Koma chimene chimamveka kawirikawiri ndi kuona matenda a munthu wapafupi, mwachitsanzo munadwazika mayi anu miyezi ingapo mukugona pansi pa bedi mu wodi, kapena mnzanu wa msinkhu wanu anangogwa n'kumwalira pomwe dzulo lake munali naye. Amene anakula m'zaka za m'ma 1990, ma ARV aulere asanayambe mu 2004, anaona maliro otsatizana ndipo ambiri kuonda kulikonse amakuopabe mpaka pano. Corona itafika mu 2020 zinawonjezekanso, aliyense ankangodzinunkhitsa sopo kuti aone ngati mphuno zikugwira.

Nthawi ya mavuto ena, ngongole, kutha kwa banja, ulova, kubereka kumene, ndi pomwe zimakonda kutulukira. Ophunzira za unamwino ndi udokotala nawo zimawagwira, matenda aliwonse amene aphunzira sabata imeneyo amadzipeza nawo, koma kwa ambiri zimatha zokha.

5. Bwanji ndikayezetsa n'kupezeka ndili bwino mtima sukhalabe m'malo?

Funso ili ndiye phata la nkhani yonse, mukalimvetsa ena onsewo sakuvutani. Akatswiri awiri a ku Britain, Paul Salkovskis ndi Hilary Warwick, ndi amene anazifotokoza bwino m'zaka za m'ma 1980, ndipo chithandizo cha masiku ano chinamangidwa pa mfundo yawoyo.

Zimayenda chonchi. Mwamva kanthu m'thupi, mwaganiza kuti ndi matenda oopsa, mantha akwera, ndiye mwachitapo kanthu kuti mtima ukhale pansi, kaya kudzifufuza, kufunsa akunyumba kuti "ukuona bwanji apapa", kusaka pa intaneti kapena kukayezetsanso. Mantha amatsikadi, koma kwa kanthawi. Ndiye ubongo umaphunzira kuti ndapulumuka chifukwa ndinafufuza, tsono ulendo wina kanthu kakangomveka uzikukakamizani kufufuzanso, ndipo mpumulo wake umanka nufupika, poyamba mwezi, kenako sabata, kenako maola. Zili ngati kukanda mphere, pokanda pamakoma koma kuyabwa kumabwerera kokulirapo ndipo khungu likunka lithetheka.

Chimene mukufunafuna ndi chitsimikizo chathunthu choti mulibe matenda alionse ndipo simudwala, koma chimenecho palibe dokotala kapena mashini amene angakupatseni, olo mupite ku India kapena ku Johannesburg. Anthu ena onse amene mukuwaona akuseka mu minibasi nawonso alibe chitsimikizocho, kungoti iwo sichiwasowetsa tulo. Ndiye chithandizo sichikhala kukutsimikizirani kuti muli bwino ayi, chimakhala kukuphunzitsani kukhala osafuna kutsimikiziridwa pafupipafupi.

6. Nanga kufufuza pa Google ndi kufunsa m'magulupu a WhatsApp n'kolakwika?

Kwa munthu wa vuto ili, eya, kumawonjezera moto. Lembani "mutu kupweteka" muona, zotsatira zake zikhala ndi chotupa cha mu ubongo pomwe mitu yambiri imapweteka chifukwa cha kutopa, ludzu, kusagona, maso kapena malungo. Facebook ndi TikTok ndiye zoipiratu, mukaonera kavidiyo kamodzi ka munthu wa khansa azikubweretserani otero okhaokha mpaka muziona ngati dziko lonse likudwala khansa. M'magulupu namo simulephera kupezeka wina woti "azakhali anga anayamba choncho, patatha miyezi iwiri tinaika." Bandulo yatha, tulo tathawa. Kufunsa ma chatbot n'chimodzimodzi, ndi kukanda komwe kuja kwa funso 5.

7. Ndayezetsa HIV kambirimbiri, zonse zikuti ndilibe, koma sindikukhulupirira. Nditani?

Ili ndi lofala kwambiri kwathu kuno, makamaka munthu akagona ndi wina mosadziteteza kenako chikumbumtima n'kumamuvutitsa. Zoona zake ndi izi. Zoyezera zachangu za pa chala zimafufuza asilikali amene thupi limapanga kachilombo kakalowa, ndipo asilikaliwo amatenga masabata angapo kuti aoneke, mwa ena mpaka miyezi itatu. Ndiye ngati munayezetsa patapita miyezi itatu chichitikireni zimenezo, simunachitenso china choika moyo pachiswe, ndipo zinatuluka kuti mulibe, ndiye kuti mulibe. Ngati munamwa PEP, mankhwala oteteza ku HIV mukakhala kuti mwina mwakhudzana ndi kachilomboka, amene amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 n'kumwedwa masiku 28, tsatirani masiku oyezetsa amene anakupatsani ku kliniki.

Kupyola apo, kugula timapaketi todziyezera tokha sabata iliyonse, kuyendera ma VCT osiyanasiyana, kudziyang'ana lilime ndi khungu, si nkhani ya HIV imeneyo, ndi nkhawa. Nthawi zambiri pansi pake pamakhala manyazi kapena kudziimba mlandu, ndipo zimenezo ndi zoti mukambe ndi mlangizi, sizituluka pa kachingwe koyezera.

8. Koma madokotala amalakwitsa. Anthu amafa ndithu atauzidwa kuti ali bwino.

Zoona, ndipo sitinama apa. M'zipatala zathu layini imakhala yaitali, kilinishani mmodzi amaona anthu ochuluka pa tsiku, zipangizo zina palibe, ndipo khansa zambiri kuno zimapezeka mochedwa. Ndiye si nzeru kuuza munthu kuti angokhala osapita kuchipatala. Aliyense ayenera kuyezedwa bwinobwino kamodzi asanauzidwe kuti ndi nkhawa, poti pali matenda ena amene amafanana nayo, monga chithokomiro chogwira ntchito mopyola, kuchepa magazi, shuga kutsika, komanso zinthu ngati chamba, khofi wambiri ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija zimathamangitsa mtima. Kufunsa dokotala wachiwiri kamodzi sikulakwa.

Koma wachitatu, wachinayi, wachisanu onse akunena chimodzimodzi, pamenepo vuto silili kwa madokotala. Komanso kuyezetsa kwambiri kuli ndi zovuta zake, sikani ikhoza kuonetsa kachinthu kosavulaza komwe anthu ambiri ali nako, n'kuyambitsa mantha atsopano ndi zoyeza zina zodula, ndipo sikani ya CT ndi ekisile zili ndi radiation, cheza chimene chimavulaza thupi chikachuluka, si zongojambulitsa mwachisawawa. Chothandiza ndi kukhala ndi dokotala kapena kilinishani mmodzi amene akukudziwani, buku limodzi, ndi kugwirizana naye masiku okumana, mwachitsanzo kamodzi pa mwezi kapena miyezi iwiri, osati kuthamangirako nthawi iliyonse mantha akakwera.

9. Ndiye ndi ziti zoti ndisazichedwetse olo ndili ndi vuto la nkhawali?

Chifuwa chopitirira masabata awiri, kutsokomola magazi, kuonda popanda chifukwa, kutuluka thukuta kwambiri usiku, chotupa cholimba chimene chikukula, magazi m'chimbudzi kapena mu mkodzo, kutaya magazi kwa mayi amene anasiya kusamba kapena akatha kugonana, chakudya kukanika kutsika pomeza ndipo zikunka zikula, kutentha thupi kosasiya. Zofunika kuthamanga nthawi yomweyo ndi kupweteka kothina pachifuwa kofika ku mkono kapena nsagwada, kufooka kwa mbali imodzi ya thupi, pakamwa kupindika, kulephera kulankhula, kukomoka, ndi mutu woopsa wongoyamba mwadzidzidzi.

Chonde mndandandawu musausandutse chodzifufuzira m'mawa uliwonse. Werengani kamodzi basi. Zoyezetsa za nthawi zonse monga BP, shuga ndi VIA ya khomo la chiberekero muzipita pa nthawi imene achipatala anena, osachepetsa koma osawonjezeranso.

10. Kodi imeneyi ndi misala?

Ayi. Ndi vuto la nkhawa, ndipo anthu ambiri amene ali nalo amagwira ntchito, amalera ana, amaphunzitsa, ena ndi anamwino kumene. Kuonana ndi a zamaganizo sikutanthauza kuti akutsekerani ku Zomba, ambiri amangobwera ku kliniki n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo.

11. Chithandizo chake ndi chotani, ndipo chimagwiradi?

Choyambirira ndi CBT, cognitive behavioural therapy, chomwe ndi chithandizo chokambirana koma chokhala ndi ndondomeko ndi ntchito yokachita kunyumba, si kungocheza. Chachiwiri ndi mankhwala, onani funso 13. Ena amalandira zonse ziwiri.

Umboni ulipo. Ku England gulu lotsogozedwa ndi Peter Tyrer linachita kafukufuku wotchedwa CHAMP pa anthu 444 amene ankapita ku makliniki a mtima, m'mimba, mapapo ndi ena koma ali ndi nkhawa yaikulu ya matenda. Theka analandira CBT ya maulendo 5 mpaka 10, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu The Lancet mu 2014 zinaonetsa kuti nkhawa yawo inatsika kuposa ya enawo, ndipo atawatsatira zaka zingapo phindulo linali likadalipo. Chosangalatsa kwa ife amene madokotala a maganizo ndi ochepa n'choti ena mwa opereka chithandizocho anali anamwino ophunzitsidwa, ndipo anachita bwino kwabasi.

12. Mu CBT mumachitika chani kwenikweni?

Poyamba mumajambula limodzi ndi mlangizi mmene vuto lanu limazungulira, kuchokera pa chizindikiro kufika pa ganizo, mantha, ndi zimene mumachita, monga tafotokozera pa funso 5. Kenako amakupatsani mafotokozedwe awiri kuti muwayese. Loyamba likuti "ndili ndi matenda oopsa amene sanapezeke", lachiwiri likuti "ndili ndi vuto loopa matenda". Mwakhala mukutsatira loyambalo mwina zaka ndipo silinakuthandizeni, ndiye mumagwirizana kuti kwa masabata angapo mukhale ngati lachiwirilo ndi loona muone chichitike n'chani.

Pamakhala timayesero. Akhoza kukuuzani kuti muike maganizo onse pa phazi lamanzere kwa mphindi ziwiri, mudzadabwa kuti layamba kumveka kutentha kapena dzanzi pomwe linali bwinobwino. Akhoza kukupumitsani mofulumira dala kwa kanthawi kuti muone nokha kuti chizungulire chija chimachokera pa kapumidwe. Amene amaopa mtima ndipo anayezedwa kale kuti ali bwino amamukwezetsa masitepe kapena kumuthamangitsa pang'ono. Tsiku lina mumadzifufuza kwambiri, tsiku lina osadzifufuza n'komwe, n'kulemba tsiku limene mantha anali ochuluka.

Gawo lovuta ndi kusiya kufufuza ndi kufunsa, komanso kuyamba kukumana ndi zimene mumathawa, kuwerenga mawu oti khansa, kupita kukazonda wodwala, kupita ku maliro. Masiku oyamba mantha amakwera ndithu ndipo ambiri apa ndi pomwe amafuna kusiya, koma mukapirira osachitapo kanthu manthawo amatsika okha, ndipo ubongo umaphunzira kuti sikufufuza kuja kumene kumakusungani. Mumakambanso za zimene mumaopa zenizeni kuseri kwa matendawo, kawirikawiri si imfa yeniyeniyo koma "ana anga adzalera ndani" kapena kudzavutika ngati mmene anavutikira bambo.

13. Nanga mankhwala alipo? Sadzandizolowera?

Alipo, a gulu la SSRI monga fluoxetine, sertraline ndi paroxetine, omwenso amaperekedwa pa matenda okhumudwa ndi OCD. Fluoxetine ndi paroxetine anayesedwa pa vuto lenilenili ndipo anathandiza. Sagwira tsiku lomwelo, pamatenga masabata 4 mpaka 6, pena mpaka 12 kuti muone kusintha kwenikweni. Sabata yoyamba kapena ziwiri mukhoza kumva nseru, mutu, kusowa tulo kapena nkhawa kukwera pang'ono, ndipo kwa munthu amene amaopa kale chilichonse cha m'thupi apa pamavuta, ndiye dziwiranitu kuti zimachitika ndipo zimatha. Ena amatsika chilakolako cha kuchipinda, muwauze adokotala osachita manyazi. Achinyamata osafika zaka 25 amafunika kuwayang'anira masabata oyamba chifukwa ena amabwera ndi maganizo odzivulaza.

Sakhala ndi chibaba ngati fodya kapena mowa, koma osawasiya mwadzidzidzi, amachepetsedwa pang'onopang'ono, ndipo nthawi zambiri mumapitiriza miyezi 6 mpaka chaka mutayamba kupeza bwino. M'zipatala zambiri za boma amene amapezeka msanga ndi amitriptyline, amathandiza ena koma amaumitsa m'kamwa, amagonetsa, amatha kuthamangitsa mtima ndipo ndi oopsa mukamwa ambiri. Amene muyenera kusamala nawo ndi diazepam. Amatsitsa mantha mwachangu inde, koma ndi amene amazolowereka, ndipo sachiza vutoli. Osagula pa famase popanda dokotala, osapemphanso a mnzanu.

14. Kuno ku Malawi ndingapite kuti?

Yambirani pa chipatala cha boma lanu mufunse namwino kapena kilinishani wa zamaganizo, zipatala za m'maboma zimakhala ndi kliniki imeneyi. Ku Blantyre kuli kliniki ya zamaganizo ku Queen Elizabeth Central Hospital, ku Lilongwe kuli ku Bwaila, ku Zomba kuli Zomba Mental Hospital, ndipo a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe komwe. M'matauni muli alangizi ndi ma psychologist a pulayiveti, musanalipire funsani ngati anaphunzira CBT, poti si uphungu uliwonse umene uli CBT, ndipo mlangizi amene azingokutonthozani kuti "musadandaule mulibe kanthu" sabata iliyonse akungokandako mphere zija.

Mukafika musangonena za mutu kapena mtima wokha, nenani zonse, kuti "ndayezetsa kambiri sapeza kanthu koma mantha oti ndili ndi matenda oopsa sakundichoka ndipo akundisokoneza." Tengani mabuku anu onse a kuchipatala. Amene muli ku Zimbabwe kuli Friendship Bench yomwe anayambitsa Dixon Chibanda ku Harare, ndi yothandiza pa nkhawa ndi kukhumudwa kwa mitundu yosiyanasiyana ndipo yayesedwanso m'zipatala zina kuno. Amene muli ku England mukhoza kudzilembetsa nokha ku NHS Talking Therapies osadzera kwa GP, dokotala wanu wa nthawi zonse.

15. Kulibe mlangizi pafupi. Ndingayambe ndekha?

Mukhoza, bola mwayezedwa kale monga tanenera pa funso 8. Tengani kope, kwa sabata imodzi muzilemba kangati mwadzifufuza, mwafunsa munthu kapena mwasaka pa foni. Ambiri amadabwa ndi nambala yake. Kenako muzichepetsa pang'onopang'ono, ngati kanali ka 20 pa tsiku tsikirani pa 10, kenako 5. Chilakolako chofufuza chikabwera chiuzeni kuti dikira mphindi 30, muchite zina, kuchapa, kuyenda, kucheza, nthawi zambiri pofika pamenepo chaphwa. Ikani nthawi imodzi pa tsiku ya mphindi 15 yoganizira nkhawazo, zikabwera nthawi ina muzilembe n'kuzisungira nthawi yakeyo. Kamashini ka BP ngati adokotala sanakuuzeni kuti muzidziyeza, kapatseni wina akusungireni.

Chizindikiro chatsopano chimene sichili pa funso 9 chipatseni sabata imodzi kapena ziwiri musanathamange, zambiri zimatha zokha. Muziyenda kapena kuchita majowajowa, muzigona nthawi yake, chepetsani khofi, ndipo mowa musautenge ngati mankhwala, m'mawa mwake matsire amathamangitsa mtima ndipo mantha amabwera owirikiza.

16. Nanga mapemphero, asing'anga, ndi mashini aja oyeza thupi lonse?

Pemphero ndi mpingo zimalimbitsa anthu ambiri ndipo palibe mlangizi wanzeru amene angakuletseni. Chongofunika kusamala n'choti zisasanduke kufufuza kwa mtundu wina, lero kwa mneneri uyu mawa kwa uyo kuti akuuzeni ngati muli ndi matenda. Munthu amene wauzidwa kuchipatala kuti sapeza kanthu ndi wosavuta kumuuza kuti ndiye kuti ndi za anthu, wina wakuponderani, ndipo apa mantha amawirikiza, chibale chimatha, mbuzi ndi ndalama zimapita.

Timashini tija togwiritsa kachitsulo m'manja kenako kompyuta n'kutulutsa mndandanda wa matenda a chiwindi, impso, magazi ndi ubongo pa mphindi ziwiri si zoyezera zachipatala. Pafupifupi aliyense amamupeza ndi kanthu, ndipo mankhwala ake amakhala akugulitsidwa pa tebulo lomwelo. Kwa munthu wa nkhawa ya matenda amenewa ndi malo oyenera kuwalambalala.

17. Amuna anga kapena akazi anga ndi amene ali ndi vutoli, amandifunsa tsiku lonse. Ndiziwayankha bwanji?

Pali njira ziwiri zimene achibale amalakwitsa. Ina ndi kukalipa, "mwayambanso, mumangofuna kutiwonongera ndalama", zomwe zimangopangitsa munthu kubisa. Ina ndi kumuyankha mokoma mtima kakhumi pa tsiku kuti ali bwino, kumuyang'ana pakhosi ndi tochi, kumuperekeza ku pulayiveti iliyonse, zomwe zimaoneka ngati chikondi koma zikudyetsa vutolo.

Khalani pansi nthawi imene mitima ili bwino mugwirizane kuti funso lomwelo simuziliyankhanso mobwereza. Akafunsa muzinena ngati "ndikuona kuti mantha akuvutitsani, koma paja tinagwirizana kuti ili sindiyankha, tiyeni tikayende kaye." Akhoza kukwiya masiku oyamba. Muziwayamikira akapirira, ndipo ngati n'kotheka mupite nawo kwa mlangizi ulendo umodzi kuti nonse mumve chimodzi. Nanunso mumatopa, pezani wokamba naye. Izi zikugwiranso kwa kholo limene mantha ake ali pa mwana, kumuyeza kutentha usiku wonse pomwe akusewera bwinobwino, kungoti kwa mwana wamng'ono kutentha thupi kwenikweni ndi kopita nako kuchipatala msanga chifukwa cha malungo.

18. Ine ndili ndi matenda enieni, shuga, BP kapena ndili pa ma ARV. Zingandigwirenso?

Kwambiri, ndipo ambiri a mu kafukufuku wa pa funso 11 anali otero. Munthu amene viral load yake, kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, ndi yosaoneka koma kachiphuphu kalikonse akuti mankhwala asiya kugwira, kapena wa BP amene akudziyeza kasanu ndi kawiri pa tsiku, BP n'kumakwera chifukwa cha mantha a kuyezako. Apa funsani adokotala anu akuuzeni momveka kuti muzidziyeza kangati ndipo ndi nambala ziti kapena zizindikiro ziti zoti mubwere nazo, mulembe, ndiye muzitsatira zimenezo basi. Mankhwala anu musasiye.

19. Kodi nkhawayi payokha ingandivulaze?

Mantha a tsiku limodzi, olo mtima uthamange chotani, sapha munthu wa mtima wabwino. Koma kukhala nazo zaka osathandizidwa si nkhani yochepa. Ku Sweden ofufuza a Karolinska Institutet anatsatira anthu oposa 4,000 amene anapezeka ndi hypochondriasis, ndipo zimene anatulutsa mu 2023 zinaonetsa kuti ankamwalira msanga poyerekeza ndi anzawo, komanso chiopsezo chodzipha chinali chokwera pafupifupi kanayi, makamaka mwa amene analinso ndi matenda okhumudwa. Sitikunena izi kuti tikuwonjezereni choopa china, koma kuti achibale ndi achipatala asiye kulitenga ngati nthabwala. Ngati mwayamba kuganiza zoti bola kungofa, uzani munthu lero lomwe ndipo pitani kuchipatala chapafupi, musadikire tsiku la kliniki.

20. Ndikapeza bwino, zingabwererenso?

Zimatha kubwerera, makamaka pakagwa maliro, mukadwaladi, kukabuka mliri ngati kolera ya 2022 ndi 2023 ija, kapena moyo ukathina. Chizindikiro choyamba sichikhala mantha aakulu, chimakhala kuyambiranso timachitidwe tija, kadzanja kapita pakhosi, mwatsegula Google pakati pa usiku "kungoona chabe". Mukaona zimenezo bwererani ku kope lija la funso 15 sabata yomweyo, ndipo zikapitirira mwezi pitaninso kwa mlangizi, kawirikawiri maulendo awiri kapena atatu okumbutsana amakwana. Ngati munali pa mankhwala ndipo zabwerera mutasiya, kambiranani ndi adokotala za kuyambiranso, osangotenga otsala m'kabati.